Amene Ankayenda M'denga Mwathu

1

Mwamuna wanga Craig anatchuka chifukwa chokoka mzimayi pamsewu ngati thumba la mbatata. Ndiyambire pamenepo, chifukwa mwina kanema wake munamuona, ndipo mwina munaomba m'manja ngati mmene ndinachitira ine.

Munali mu Okutobala, nthawi imene anthu a majekete owala aja ankakhala pansi pakati pa misewu ikuluikulu n'kudzimata zikhatho pa phula ndi guluu. Ankati sachoka mpaka boma litalonjeza kufunditsa nyumba zonse za m'dziko, kuti tisamawotche gasi wambiri n'kumawononga nyengo. Kwathu kuno, kumpoto kwa Manchester, tinkangowatcha a guluu. M'mawa wina anatseka msewu wolowera mumzinda. Craig, amene ankayendetsa lole ya buledi usiku, anangotulukira pakati pa magalimoto, n'kugwira mmodzi m'khwapa, n'kumuzula. Khungu la chikhatho linatsala pa phula. M'kanemamo amaoneka atawerama, pakamwa pake pali pakhutu pa mzimayiyo, ndipo aliyense woonera anali ndi chitukwano chake chimene ankalumbira kuti n'chimene ananena.

Chimene chinakometsa nkhaniyi mumsewu mwathu n'chakuti mzimayiyo tinkamudziwa. Anali Verity Sutcliffe wa pa nambala 18, mphunzitsi wa piyano, wosakwatiwa, woyenda panjinga ngakhale mvula ikugwa. Ife tili pa 14. Pakati pathu, pa 16, pali Mayi Entwistle, amasiye okalamba amene makatani awo sanatsekepo mpaka kumapeto.

Ku bala ya pakona Craig sanagulenso mowa ndi ndalama yake. Makolo anachotsa ana awo ku piyano. Pachitseko cha Verity panayamba kusweka mazira. Mayi Entwistle ankati akanakhala iwo pa chiwongolero akanangodutsa, kenako n'kubwerera chambuyo kukafunsa ngati nyengo yasintha. Craig sankaseka nawo. Anthu ankati ndi munthu wodzichepetsa.

2

Nyumba zathu ndi zakale, zomatana mzere umodzi kuyambira pakona mpaka ku njanji, ndipo mphepo imalowamo ngati ili kwawo. Ukayatsa gasi kutentha kumakwera n'kuthawira kudenga, iwe n'kutsala ndi mita ya gasi ikungodya ndalama. M'chipinda cha mwana wathu Maisie munali chuku chakuda chimene ndinkapukuta Loweruka lililonse, Lachitatu n'kupeza chabwerera. Maisie anali ndi zaka zisanu ndi ziwiri, ndipo ali ndi mphumu. Akagona, chifuwa chake chinkalira ngati ketulo yoyamba kuwira.

Mu Novembala khonsolo, imene ndi mwini wa nyumbazi, inatumiza anthu oti ayale thonje lochindikala losunga kutentha m'madenga mwathu, mwaulere. Sizinkakhudzana ndi a guluu, dongosololi linali lakale, koma nthawi imene linafikayo inali yoipa. Wotsogolera ntchitoyo anali bambo wina wodekha dzina lake Nadeem. Anagogoda kwathu ine ndili kukhitchini. Ndinangomva mawu a Craig akukwera.

"Makwerero akowo ukakwere nawo kwa anzako a guluu. Muno simulowa."

Nadeem anayesa kunena kuti iye sanakhalepo pamsewu uliwonse, kuti nayenso tsiku lija anachedwa kuntchito. Chitseko chinamutsekera pamphuno.

Madzulo ake ndinamufunsa Craig ngati wapenga. Anati akalola, ndiye kuti a guluu apambana, ndipo mawa adzatseka misewu iwiri. Anati munthu wa m'kanema uja sangaoneke akulandira chimene anthuwo ankalirira. Ndinamuuza kuti chifuwa cha Maisie sichionera kanema. Anatenga jekete n'kupita kuntchito. Nyumbayi inali m'dzina lake, ndipo popanda iye kuvomera palibe akanakwera m'denga.

Pofika Lamlungu, theka la msewu linali litakana naye. Anthu ankatsegula zitseko atavala zipewa za ubweya m'nyumba zawo zomwe, n'kumuuza Nadeem kuti sakuzizidwa.

3

Ine ndimagwira ntchito kukhitchini ya nyumba yosungira okalamba, ndipo masana sindikhala pakhomo. Craig ankagona masana m'chipinda chakumbuyo, atakiya, atatseka m'makutu, kuti Maisie akaweruka asamudzutse.

Tsiku lina mu Disembala anandiimbira kusukulu kuti mwana wabanika. Ndinakamutenga masanasana, n'kumugoneka pabedi lathu, ine n'kukhala pambali kumusisita pamsana. Mpamene ndinamva.

Makoswe ndimawadziwa, amathamanga. Ichi chinali cholemera. Chinkasuntha, n'kuima, thabwa n'kulira, n'kusunthanso. Chinkachokera mbali ya kwa Mayi Entwistle. Chinadutsa pamwamba pa mutu wanga penipeni, fumbi la siling'i n'kugwera pa bulangeti, n'kulunjika kuchipinda chimene Craig anagona.

"Amayi," Maisie ananong'ona, "kumwamba kuli munthu."

Ndinamutsitsa masitepe nditamunyamula, ndinamukhazika pakhomo panja, ndinatenga mpeni wa buledi, n'kukwera. Ndinamenya chitseko cha Craig ndi chibakera, ndi phazi, ndikuitana dzina lake. Kunali zii. Ndinaganiza kuti ndikapeza mtembo. Potsiriza anatsegula, akupuma mofulumira, maso ali tong'o, ndipo ndinaganiza kuti n'chifukwa chomudzidzimutsa kutulo.

Kachitseko kokwerera m'denga kali m'chipinda chomwecho. Anatenga tochi, anakwera yekha, n'kundiuza kuti ndisayandikire. Atatsika nkhope inali ina. Anati matailosi awiri a padenga asunthidwa, ndipo munthu wakhala akulowa. Anati wakhala akulandira mauthenga omuopseza chichokereni pa kanema uja, koma sankafuna kundidandaulitsa.

Ndinagwira foni kuti ndiimbire apolisi. Anailanda. Anati apolisi anamuchenjeza kale za dzanja la Verity, ndipo akangolowa muno nkhani ija idzuka, iye n'kuchotsedwa ntchito. Mawa lake anagula loko wamkulu n'kukhoma pa kachitsekoko, kiyi n'kuika m'thumba mwake. Anandilumbiritsa kuti ndisalole munthu aliyense wa makwerero kulowa, ngakhale atavala za khonsolo, chifukwa anthuwo ndi ochenjera.

Mayi Entwistle nditawauza, sanadabwe. Anati iwo akhala akumva zimenezo kuyambira nthawi yotentha, ndipo ankayesa ndi malemu amuna awo akufunafuna bokosi lawo la mbedza.

"Ndiye kuti anayamba kalekale kutizonda, Donna mwanawe," anatero. "Anthu osagwira ntchito ali ndi nthawi."

4

Nkhani inafalikira. Wina anati a guluu amajambula ana pageti la sukulu. Wina anati kwa msuweni wake anathira guluu m'maloko onse a mumsewu. Amuna anayamba kuyendayenda awiriawiri kumbuyo kwa nyumba atanyamula zitsulo. Mwala unaswa zenera la Verity, iye n'kumatapo katoni.

Ine ndinasiya kugona kumtunda. Ndinatsitsa matilesi, ine ndi Maisie tinkagona pabalaza, mpeni uli pansi pa pilo. Kuntchito ndinkasenda mbatata maganizo ali kudenga. Ndikaweruka ndinkaima pansi pa masitepe osavula jekete, kumvetsera. Kawiri ndinamvanso, masiku amene ndinaweruka msanga, ndipo kawiri konseko Craig anati loko ali bwinobwino, munthuyo sangatsike. Sizinanditonthoze. Munthu amene sangatsike angathe kukumvetsera ukusamba.

Lachisanu lina ndinatopa nawo mantha. Ndinapita pa nambala 18 n'kugogoda mpaka Verity anatsegula, koma tcheni cha pachitseko sanachotse. Ndinkangoona theka la nkhope yotuwa, kolala ya chijekete chachikulu, ndi dzanja la chipsera lija litagwira chitseko.

"Uwauze anzako atuluke m'denga mwanga," ndinatero.

"Mulibe anzanga m'denga mwanu, Donna."

"Nanga muli ndani?"

M'malo mondiyankha, anafunsa za chifuwa cha Maisie. Ndinamuuza kuti dzina la mwana wanga lisamatuluke pakamwa pake.

"Musamamugoneke pabalaza," anatero motsitsa mawu. "Pansi ndi pamene pali chinyezi chambiri. M'bwezereni kumtunda, palibe chimene chimuchitikire."

Sindinauzepo munthu kuti tikugona pabalaza. Ngakhale Mayi Entwistle. Makatani ndinkatseka kusanade. Ndinabwerera kunyumba n'kukiya chitseko.

5

Mu Januwale chisanu chinagwira mazenera mkati momwe. M'mawa wina ndikumuveka yunifolomu, Maisie anasiya kuyankha. Ankakoka mpweya ndi mapewa, milomo itachita buluu. Kopopera mankhwala kanalephera. Za mu ambulansi sindikumbuka kanthu kupatula nsapato yake imodzi imene ndinaigwira njira yonse.

Anamugoneka m'chipatala. Dokotala, mtsikana wamng'ono kwa ine, anandifunsa za nyumba yathu, ndipo nditamufotokozera anati mankhwala ake sangalimbane ndi khoma. Anati mwanayu akabwerera m'nyumba yomweyo mmene ilili, tidzaonananso, ndipo sangalonjeze kuti ulendo winawo tidzafika nthawi yabwino.

Craig analira pambali pa bedi, misozi yeniyeni. Ndinadikira kuti amalize, n'kumuuza kuti ndikumuimbira Nadeem.

"Dikira mpaka Epulo," anatero. "Ndakupempha. Epulo yekha."

"Mu Epulo kumakhala kutatentha, Craig. Mu Epulo muli chiyani?"

Anapukuta m'maso n'kunena kuti akupita kukagona, usiku ali ndi ntchito.

Mawa lake mchemwali wanga anabwera kudzakhala ndi Maisie kuti ine ndikasambe ndi kutenga zovala. Craig ankaganiza kuti ndiswera kuchipatala. Nditatsika basi ndinaona galimoto ya Nadeem pa nambala 16. Mwana wa Mayi Entwistle anali atabwera kuchokera ku Leeds n'kuwauza kuti asankhe, thonje kapena nyumba ya okalamba. Sindinalowe kwathu. Ndinalowa kwa Mayi Entwistle, amene anali pampando kuchipinda kwawo, ndodo ili pamiyendo, akulondera kuti asawabere.

Ndinamufunsa Nadeem ngati ali pamwamba pa nyumbayi angathe kuona pamene matailosi athu anasunthidwa. Anandiyang'ana modabwa. Anati palibe chifukwa chokwerera panja. Mizere yakale ngati wathuwu anaimanga opanda makoma m'denga, moti kumwambako ndi chipinda chimodzi chachitali kuyambira pakona mpaka ku njanji. Anati mbali ina ya ntchito yawo ndi kumanga khoma pakati pa nyumba iliyonse, kuti moto ukabuka usayende.

"Ndinawafotokozera amuna anu tsiku lija," anatero. "Poyamba ankamvetsera bwinobwino. Nditatchula makoma mpamene anayamba kukalipa."

Ndinamuuza kuti ndikwera naye.

6

Kumwambako kunali mdima ndi fungo la mwaye wakale, kuzizira ngati m'firiji. Nadeem anandichenjeza kuti ndiziponda pa mitanda pokha, chifukwa pakati pake ndi siling'i yopyapyala. Anawalitsa tochi kumanja, kenako kumanzere, n'kungoti duu.

Pamwamba pa mitanda panali njira. Matabwa oyalidwa bwinobwino, limodzi pambuyo pa linzake, okhomedwa ndi misomali. Ponse pozungulira panali fumbi la zaka zambiri, koma matabwawo anali osalala, opukutidwa ndi maondo. Njirayo inkachokera pa kachitseko kathu, n'kudutsa pamwamba pa Mayi Entwistle, n'kukathera pa nambala 18.

Ndinakwawa kufika pa thabwa lapafupi. Linali chitseko cha wodilopu. Pakona pake panali tinyenyezi tomata timene Maisie anamatapo ali ndi zaka zitatu. Wodilopu imeneyo Craig ananena chaka chatha kuti wakaitaya kudzala.

Mutu wanga unakanabe. Ndinkati mwina a guluu anaitola kudzalako. Mantha akakukhalitsa miyezi iwiri, suwasiya msanga.

Kenako kumbali ya kwathu kunamveka loko akutseguka. Kuwala kunatuluka pansi. Nadeem anazimitsa tochi, ine n'kugwira hamala imene inali pa lamba wake. Chinthu chakuda chinatulukira, chinatseka kachitseko, n'kuyamba kukwawira kumene tinali, chikukankha kanthu kutsogolo. Kusuntha, kuima, thabwa n'kulira. Phokoso lomwe lija. Chitafika poti ndikanachikhudza ndi dzanja, chinatsokomola, ndipo chifuwa chimenecho ndagona nacho zaka khumi ndi ziwiri.

Nadeem anayatsa tochi.

Craig anali atavala buluku logonera limene ndinamugulira pa Khirisimasi. Chimene ankakankhacho chinali dengu logonekamo khanda, la Maisie, limene tinalisunga m'denga atakula. M'katimo anali atapindamo timabulangeti timene analuka malemu amayi anga.

Craig anadzuka mwadzidzidzi, anagunda mutu pa mtanda, anabwerera chambuyo, phazi n'kuphonya thabwa. Siling'i inang'ambika, iye n'kulowa mpaka m'chiuno, atakodwa ndi mikono pa mitanda. Pansipo tinamva kukuwa, kenako phokoso la ndodo pa fupa, mobwerezabwereza.

"Ndamugwira!" ankakuwa Mayi Entwistle. "Ndagwira wa guluu!"

7

Pomutulutsa Craig pa machira, mwendo utathyoka, msewu wonse unali panja. Ena anali atathamangira zitsulo zawo. Ataona nkhope ya ngwazi yawo ili mbuu ndi laimu, zitsulo zinatsika pang'onopang'ono. Ndiyeno chitseko cha nambala 18 chinatseguka chonse, kwa nthawi yoyamba chichokereni Okutobala, ndipo Verity anatuluka akuthamanga, osavala chijekete chija. Mimba inali poyera, yoti ngakhale mwana akanatha kuwerenga miyezi yotsala.

Ambulansi itapita ndinamutsatira m'nyumba mwake osaitanidwa. Khitchini yake inali yozizira kuposa yanga. Sanabise kanthu. Zinayamba m'nyengo ya maluwa, Craig atamuthandiza kukonza tcheni cha njinga. Mumsewu wa makatani ngati wathu sakanagogoda pakhomo, ndiye anayala matabwa. M'mawa wa Okutobala uja Craig ankadziwa kuti Verity akakhala pamsewu. Anamuchonderera sabata yonse kuti asapite. Atakana, Craig anamaliza kugawa buledi n'kupita kukamufuna dala.

Ndinamufunsa chimene anamuuza pakhutu paja.

"Anati, ukufuna lole iponde mwana wanga?"

Dziko lonse linaombera m'manja mawu amenewo.

Verity anati anamupempha kambirimbiri kuti alole antchito aja, koma Craig ankati makoma akamangidwa sadzamuonanso mpaka atachira, ndipo analonjeza kuti mwana akabadwa adzandiuza zonse. Verity anayamba kupepesa. Ndinamuuza kuti asunge mpweya wake. Ndinali ndi funso limodzi lokha. Iye amene anasiya khungu pa phula kuti ana a anthu osawadziwa agone m'nyumba zofunda, zinatheka bwanji kukhala chete pamene mwana wa nyumba yachiwiri kuchokera pake ankachita buluu?

Ndinatenga dengu la Maisie, limene Nadeem anali atalitsitsa, ndinachotsamo timabulangeti ta amayi anga, dengulo n'kumusiyira patebulo. Khandalo silinandilakwire.

Craig anamugoneka m'chipatala chomwecho, nyumba ina ndi ya Maisie. Ndinapita ndi mayi wa kukhonsolo pambali pa bedi lake. Craig ankafuna kufotokoza. Ndinamuuza kuti asaine kuti nyumba ikhale m'dzina langa, kenako afotokozere siling'i. Anasaina.

8

Inu owerenga, mwina mukuyembekeza kuti ndinena kuti msewu wathu unachita manyazi. Ayi. Palibe anapepesa kwa Verity, kungoti tsopano amamuda pa zifukwa ziwiri. Craig ku bala samulola, osati chifukwa cha zimene anandichita ine, koma chifukwa anamwa mowa wawo mwachinyengo. Amakhala pa nambala 18, amayenda motsimphina, ndipo akamatulutsa zinyalala amayang'ana pansi. Sabata itatha, nyumba zonse zimene zinakana zinamuitana Nadeem. Palibe anatchula za kuzizira kapena nyengo. Akazi ndi amuna omwe anangoyamba kufunsa kuti makoma a m'denga afika liti kwawo.

Anthu otseka misewu sindinayambe kuwakonda. Ndili ndi basi yoti ndikwere ndi okalamba oti adye. Koma ndikamakumbukira mmene tinkanyadira kuzizidwa pofuna kukhaulitsa anthu amene sankadziwa n'komwe kuti tilipo, ndimachita mantha kuposa tsiku limene ndinagwira mpeni wa buledi. Mwamuna mmodzi anali ndi chifukwa chake chobisika. Enafe tinalibe chilichonse, tinangokonda kukwiya limodzi, ndipo amene ankalipira anali mwana wogona pamatilesi pabalaza. Wina akamakuuzani mokweza kuti akukana chinthu chabwino chifukwa cha mfundo, musathamangire kumugulira mowa. Yambani mwamufunsa kuti akavomera ataya chiyani.

Nadeem ndi anzake anamaliza kwathu Maisie asanatuluke m'chipatala. Anapala chuku, anakonza mazenera, anayala thonje lofika m'maondo. Mwanayu tsopano amagona kumtunda, m'chipinda chake, ndipo m'mawa wina ndinamupeza atakankhira bulangeti pansi chifukwa chotenthedwa. Ndinaima pakhomo kumvetsera. Chifuwa chinali chete.

Tsiku lomanga khoma, Nadeem anasuzumira pa kachitseko n'kundiuza kuti lamulo limangofuna mzere umodzi wa njerwa pakati pa ine ndi nambala 16. Ndinamupatsa tiyi wake, n'kumuuza kuti aike iwiri.